Kuyeza ndi magetsi ngati timipata ta mumchenga tikutsekeka

Amene munawiritsapo madzi a mijigo ina mu ketulo mukudziwa zoyera zimakakamira pansi zija. Ndi calcium carbonate ameneyo, ndipo pansi panthaka zimachitikanso chimodzimodzi, timipata ta pakati pa mchenga timatsekeka pang'onopang'ono mpaka madzi kumavutika kudutsa. Koma nanga mungamakumbe tsiku ndi tsiku kukasuzumira? Ndiye timayeza ndi magetsi, ngati mmene amachitira ofufuza madzi asanabowole mjigo, zitsulo zinayi, ziwiri zakunja zolowetsa karenti, ziwiri zamkati zowerenga volteji. Ine ndimati yambani ndi paipi pakhomo musanapite kumunda.

Pezani paipi ya PVC ya 50 mm, yotalika ma 40 cm. Mchenga wakumtsinje, kaya ku Likhubula kaya ku Ruo, muutsuke mpaka madzi azituluka oyera chifukwa dothi lamakande limadutsitsa magetsi palokha ndiye limasokoneza zonse. Kumapeto konse kuwiri ikani kasefa ka stainless, ine ndinadula tosefera tiyi tiwiri, timeneti ndi tolowetsa karenti kuti ifalikire paipi yonse. Pakati bowolani timabowo tiwiri totalikirana 10 cm, mulowetse masikuluwu a stainless owerengera volteji, mumate bwino pasadonthe. Pothira mchenga thirani m'madzi, osati wouma, mpweya ukatsalira mkati manambala amakwera popanda chifukwa.

Magetsi ake akhale AC ya 12 V yochokera pa katransifoma. Osalumikiza pa soketi mwachindunji chonde abale, mchengawu ndi wonyowa. Batire nayonso ayi, magetsi ake a DC amapangitsa zitsulo kuti zichite polarise, kutanthauza kuti chaji imaunjikana pa zitsulozo, nambala imangoyendayenda mukuyiyang'ana. Mamita awiri, ina ya karenti ina ya volteji, kenako resistivity, kutanthauza mmene mchengawo ukukanizira magetsi kudutsa, ndi volteji kugawa ndi karenti, kuchulukitsa ndi kukula kwa kamwa la paipi, pafupifupi 0.002 m², kugawanso ndi 0.1 m. Yankho limatuluka mu ohm-m. Yezani masiku awiri atatu ndi madzi okhaokha kaye kuti mudziwe poyambira.

Tsopano kupanga mwalawo, calcium carbonate uja, mkati mwa mchenga. Calcium chloride mbali ina, sodium carbonate mbali ina, yachiwiriyi mukhoza kuipanga powotcha soda wophikira mupoto wouma. Zilowe pa timapaipi tosiyana zikakumane mkati, mukasakaniza mubotolo zimayera pompo nkutseka pakhomo penipeni pa paipi pomwe mamita sakuwona.

Apa mpamene anthu amapusitsika, inenso ndinapusitsika. Mumayembekeza kuti resistivity ikwera poti timipata tikutsekeka, koma tsiku loyamba yanga inagwa kwambiri, ndinaganiza kuti mita yafa. Chonsecho mankhwala awiriwa akakumana amasiya mchere wamba m'madzi, ndipo madzi amchere amadutsitsa magetsi mosavuta, makamaka poyerekeza ndi madzi athu ochokera m'phirimu omwe mchere wake ndi wochepa. Ndiye nthawi iliyonse tungani madzi otuluka muyeze ndi EC meter, kachipangizo koyezera mmene madzi akudutsitsira magetsi, nambala yake imatuluka mu µS/cm. 10,000 kugawa ndi nambala ya µS/cm kumakupatsani resistivity ya madziwo, kenako gawani ya mchenga ndi ya madzi. Chotsatiracho amati formation factor, nkhani yake anailemba katswiri wina dzina lake Archie mu 1942, ndipo ndi chimenechi muzichilondola. Chikamakwera sabata ndi sabata ndiye kuti mwala ukumeradi mkatimo. Kapena tsukani ndi madzi amodzimodzi musanayeze, zimathandizanso.

Kutentha nako musakuyiwale, digiri imodzi imasintha kuwerenga ndi pafupifupi 2%. Mukayeza mmawa wa chiperoni mu June kenako masana dzuwa lili phwee mudzaona kusiyana komwe sikwa mwala ayi. Lembani kutentha kwa madzi pambali pa nambala iliyonse.

Akuyunivesite amapitirira pamenepa ndi induced polarization, amayeza kuchedwa kwa volteji kumbuyo kwa karenti pa mafrikwensi osiyanasiyana, timanambala tating'ono ta ma milliradian, chifukwa pankhope pa timiyala tatsopanoto pamasungika chaji pang'ono. Izi mita yapamsika siyingathe ndipo masikuluwu a stainless amanamiza, pamafunika zitsulo zowerengera volteji (ma electrode) za silver chloride.

Kumunda mfundo ndi yomweyi. Khomani zitsulo zinayi motalikirana mofanana, njira ya Wenner, ndipo musazizule, zikhale pomwepo miyezi yonse chifukwa kungosuntha pang'ono mwayamba kuyeza dothi lina. Talikirani mpanda wa waya ndi mawaya a magetsi. Ndi mvula yakuno ku Mulanje, osafananiza nambala ya October ndi ya January, dothi lonyowa limatsitsa resistivity kuposa mmene mwala ungaikwezere.

Pamapeto ng'ambani paipi ija m'litali, dontheza viniga pamchenga malo osiyanasiyana. Pomwe pachite thovu mpomwe pali calcium carbonate, muone ngati ndi pakati pa masikuluwu aja kapena anangounjikana kukhomo.