Tenti Kapena Hamoki: Malangizo kwa Okagona m'Phiri la Mulanje

Amene akukonzekera kukagona m'phiri asankhe chogonamo poganizira malo amene kukawadere, osati kupepuka kwa katundu kokha. Hamoki, nsalu yolimba yomangirira pa mitengo iwiri, imakopa anthu ambiri chifukwa sitenga malo m'chikwama ndipo imamuchotsa munthu pa miyala ndi pa chinyontho. Koma imafuna mitengo yamoyo, yokhwima, yotalikirana mamita 3 mpaka 5, ndipo apa ndi pamene Mulanje amavuta. Pamwamba pa phirili, m'madera monga Lichenya ndi Thuchila, malo ambiri ndi a udzu ndi matanthwe. Mitengo yachuluka m'zigwembe, ndipo poyandikira Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, pamatsala miyala ndi zitsamba. Mukapeza mkungudza musamangirirepo chingwe, pakuti mtengowu watsala pang'ono kutheratu.

Vuto lalikulu ndi kuzizira. M'miyezi ya June ndi July chiperoni chimakuta phiri ndipo usiku wina chisanu chimagwa. Wogona mu hamoki amapsinja chofunda ndi msana wake, mphepo n'kumadutsa pansi pake usiku wonse, moti amadzuka pakati pa usiku msana uli zii ngakhale pamimba pakutentha. Kuti apewe zimenezi ayenera kunyamula chofunda china chokoleka kunsi kwa hamoki, lona yotchinga mvula ndi zingwe zake, ndipo akaphatikiza zonsezi kulemera kwake sikusiyananso kwenikweni ndi tenti yaing'ono. N'chifukwa chake kwa wopita pamwamba timalangiza tenti ndi kamatiresi kopyapyala koyala pansi. Muikhome pamalo okwererako pang'ono, khomo litafulatira mphepo, ndipo musaiyandikize ku mtsinje, chifukwa nthawi ya dzinja madzi a m'phiri amasefukira mwadzidzidzi.

Hamoki ili ndi malo ake, makamaka m'nkhalango za m'munsi kapena m'mapaini a pa phiri la Zomba nyengo yotentha ya October, bola pakhale neti yoteteza ku udzudzu. Mangani ndi malamba otambalala kuti musasupule khungwa, ndipo mugone mopingasa pang'ono kuti msana uwongoke.

Musananyamuke, fikani ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje, mukafunse malo ololedwa kukhoma tenti komanso ngati muli malo m'nyumba zogona alendo za m'phirimo monga Chambe ndi Chisepo, zimene zili ndi poyatsa moto.