Ziwengo zosatha komanso kutentha thupi, pemphani akupimeni Schnitzler syndrome

Ngati ziwengo zakhala zikukutulukani miyezi ndi miyezi, mapiritsi ngati cetirizine sakuthandiza olo pang'ono, kuonjezera apo thupi limatentha pafupipafupi mafupa nkumaphwanya, musangoti ndi allergy basi. Pali matenda osowa kwambiri otchedwa Schnitzler syndrome, anawafotokoza koyamba ndi Liliane Schnitzler, dokotala wa khungu wa ku France, mu 1972, ndipo nthawi zambiri amayamba munthu ali ndi zaka za m'ma 50.

Yambani ndi kujambula ziwengozo pafoni tsiku lomwe zatuluka, chifukwa zimazimilira pakadutsa tsiku limodzi kapena awiri nde mumafika kwa adokotala khungu lili bwinobwino. Zimakonda pachifuwa, kumsana, m'mikono ndi m'miyendo, ndipo kwa ambiri siziyabwa kwenikweni, zimenezi muwauze. Muzilembanso masiku amene thupi latentha, kaya mwanabele watupa, kaya ndi mafupa ati akupweteka.

Chachikulu ndi magazi. Pemphani akupimeni serum protein electrophoresis ndi immunofixation, lembani mainawa papepala musachite manyazi. Akufuna aone ngati m'magazimo muli pulotini ya chitetezo cha mthupi ya mtundu umodzi yochuluka, kawirikawiri IgM, nthawi zina IgG. Popanda kupima izi matendawa sapezeka ndithu, nchifukwa chake anthu amazunzika zaka akungosinthiridwa mapiritsi, zomwe kwa ine nzomvetsa chisoni poti kupimako nkutenga magazi pamkono basi. CRP (pulotini yosonyeza kuti mthupi muli kutupa) ndi maselo oyera a magazi amakhalanso okwera, ndipo akadula kachikopa kakang'ono pa chiwengo amapezamo ma neutrophil (mtundu wina wa maselo oyera) ambiri. Madokotala amatsata ndondomeko ya Strasbourg: ziwengo zosatha ndi pulotiniyo zonse ziwiri zikhalepo, kuphatikiza zizindikiro zina.

Akatsimikiza funsani za anakinra, jakisoni wa pansi pakhungu wobaya tsiku ndi tsiku amene amatseka interleukin-1, pulotini ina ya mthupi yomwe imayambitsa kutupaku. Ambiri amapeza bwino tsiku lomwelo kapena mawa lake koma mukasiya zimabwereranso msanga, nde osasiya panokha. Palinso jakisoni wina wotchedwa canakinumab, iyeyo si wobaya daily. Mankhwalawa amafooketsa chitetezo pang'ono choncho mukadwala china auzeni adokotala mwachangu.

Ngakhale muli bwino muzikapimitsabe magazi kwa dokotala wa magazi nthawi imene wakuuzani, chifukwa ena mwa odwala pakapita zaka amadzakhala ndi khansa ya m'magazi yotchedwa Waldenström macroglobulinemia, ndipo anakinra sachotsa pulotini ija.