Momwe ndinathanirana ndi kuchepa kwa magazi kwa mwana wanga

Mwana wanga wa zaka zitatu ankangofooka, m'zikhatho ndi kunsi kwa zikope mutayera, ndipo anayamba kudya dothi. Kuchipatala atamuyeza anapeza kuti himogulobini yake (chinthu cha m'magazi chomwe chimanyamula mpweya wabwino) ili pansi pa 11 g/dL, kusonyeza kuti magazi achepa. Anamupatsa mankhwala a njoka za m'mimba ndi ayironi wamadzi (mankhwala owonjezera magazi), mlingo wake potengera kulemera kwa thupi.

Vuto linali kumumwetsa ayironiyo. Mankhwalawa amamveka chitsulo m'kamwa, ndiye ankangolavula. Ndinayamba kugwiritsa ntchito sirinji yopanda singano, ndikuthira pang'onopang'ono m'mbali mwa tsaya chakumbuyo, kenako ndikumupatsa kachidutswa ka lalanje. Vitamini C amathandiza thupi kuyamwa ayironi. Tiyi ndi mkaka zimatsekereza, choncho ndinkamumwetsa patadutsa maola awiri atamwa mkaka, ndipo tiyi ndinamuletseratu. Ndinkamutsukanso mano akamaliza, chifukwa mankhwalawa amadetsa mano.

Chimbudzi chake chinada bii. Izi zisakuopseni, ndi momwe ayironi amachitira.

Pa zakudya zowonjezera magazi, ndalama yogula nyama tsiku ndi tsiku ndilibe, koma nyemba, masamba obiriwira ndi chiwindi pang'ono mwa apo ndi apo zinatheka.

Patatha mwezi, magazi anali atakwera. Apa ndi pomwe makolo ambiri amasiyira, koma adokotala anati tipitirize kwa miyezi ina iwiri kapena itatu kuti thupi lisunge ayironi wokwanira. Botololo ndimalibisa pamwamba, poti mwana akamwa wambiri nthawi imodzi angathe kufa.