Phula linamata valavu ya pampu yanga

Pampu yothirira kudimba kwathu kuno ku Ngabu ndimayiyendetsa ndi gasi wa nkhuni (mpweya woyaka wotuluka nkhuni zikamanyeka) chikwerereni petulo. Chiwiya chopangira gasiyo ndinawotcherera ndekha ndi migolo iwiri yakale. Sabata yachitatu injini inayamba kutsokomola, ndipo m'mawa wina ndinakoka chingwe mpaka thukuta, koma osalira.

Nditamasula, ndinapeza valavu yolowetsa mpweya itakanirira, itamatidwa ndi phula lakuda bii, lonanda ngati ulimbo. Ndinaitsuka ndi petulo ndi kansalu.

Wolakwa ndinali ine. Ndinkaponyamo nkhuni zosauma bwino, zina zikuluzikulu. Nkhuni yonyowa imaziziritsa moto, ndiye phula silipsa lonse, limayenda ndi gasi mpaka kukauma mu injini ikazizira usiku. Pano ndimaziduladula ngati kabokosi ka machesi n'kuziyanika pa lata, poti dzuwa la kuno ku Chigwa silinyengerera. Pansi pa chiwiyacho ndimayamba ndi makala, kuti moto ukolere msanga.

Ndinawonjezanso ndowa yotsekera yodzaza utuchi wouma kuti izisefa, ndipo paipi ndinaidutsitsa mumgolo wa madzi. Kutentha kwa mwezi wa Okutobala kuno, mphepo yokha siiziziritsa gasi.

Ndisanalumikize paipi ku injini, ndimayatsa gasiyo kaye. Lawi likamafuka utsi ndimadikira, likayera ndiye ndakoka chingwe. Mphamvu siifika pa ya petulo, koma chimanga chikumwa. Ana ndimawauza akhale patali, chifukwa gasiyu ali ndi carbon monoxide, mpweya wakupha wosanunkha.