Kutulutsa nyimbo ya trip hop popanda kampani yokuthandizani

Trip hop inabadwira mumzinda wa Bristol ku England chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo magulu a Massive Attack ndi Portishead ndiwo anaitchukitsa. Imayenda modekha, besi yake ndi yolemera, ndipo kawirikawiri imamangidwa pa tizidutswa ta nyimbo zakale timene oimba amati ma sample. Woimba wodziimira payekha ayenera kuyambira pa tizidutswa timeneti asanaganize n'komwe za tsiku lotulutsa nyimbo.

Kachidutswa kalikonse kamene mwadula mu chimbale cha wina kali ndi eni ake awiri: mwini wa chojambulidwacho, amene nthawi zambiri amakhala kampani, ndi mwini wa nyimbo yopekedwayo. Onsewa ayenera kukupatsani chilolezo cholembedwa, ngakhale kachidutswako katakhala ka masekondi awiri okha, pakuti zimene ena amanena kuti kachidutswa kakafupi n'kololedwa si zodalirika. Ngati ndalama zolipira mulibe, pekani mzere wanuwanu, woimba piyano kapena gitala akuimbireni, kenaka muukalambitse pa kompyuta poikamo kuthetheka kwa chimbale chakale. Kuimbanso mzere wa wina ndi zala zanu sikukuchotserani ngongole kwa amene anaupeka.

Pomaliza kukonza mawu, musaikakamize nyimboyo kuti ikhale yaphokoso. Spotify, malo omvetserako nyimbo pa intaneti, imalinganiza kukwera kwa mawu a nyimbo zonse pa -14 LUFS (LUFS ndi muyeso wa kukwera kwa mawu), choncho kuipanikiza kumangoilanda mpata wopumira umene trip hop imadalira. Imvetsereninso pa sipika ya foni, chifukwa besi yotsika kwambiri imasowa pamenepo, ndipo ambiri adzayamba kuimvera pa foni pomwepo.

Mukakhutira, tumizani fayilo ya WAV ndi chithunzi cha mapikiselo 3000 mbali zonse kwa ofalitsa monga DistroKid, TuneCore kapena CD Baby, amene adzaipatse ISRC, nambala yozindikiritsa nyimbo yojambulidwa. Chitani zimenezi kudakali masabata anayi nyimboyo isanatuluke, kuti mukhale ndi nthawi yoipereka kwa akonzi a mindandanda ya nyimbo kudzera pa Spotify for Artists, tsamba la Spotify la oimba, kumene amafuna kuilandira kudakali masiku 7 kapena kuposerapo. Kuyambira mu 2015 nyimbo zatsopano zambiri padziko lonse zimatuluka Lachisanu. Ngati muli ku Malawi, lembetsani nyimboyo ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zopekapeka, isanayambe kumveka pa wailesi, ndipo mugwirizane polemba ndi aliyense amene anaimba nanu za gawo limene adzalandire.