Mmene mungadziwire akatswiri a luso a masiku ano

Ngati mukufuna kudziwa ojambula ndi osema a masiku ano, yambani ndi mndandanda wa amene anaonetsa ntchito zawo pa zionetsero zikuluzikulu, monga Venice Biennale ya ku Italy, yomwe inayamba mu 1895, kapena Dak'Art ya ku Dakar, ku Senegal. Sankhanipo dzina limodzi lokha, kenaka londolani zimene munthuyo wakhala akupanga kwa zaka zingapo, chifukwa chithunzi chimodzi sichingakuuzeni zambiri.

Musanyozere kachikwangwani kamene kamaikidwa pambali pa ntchito, kotchula chaka, kukula kwake ndi zipangizo zimene zinagwiritsidwa ntchito. Mwachitsanzo, ntchito za El Anatsui wa ku Ghana zimaoneka ngati nsalu yonyezimira mukaima patali, koma mukasendera pafupi mumapeza kuti ndi zitsekerero za mabotolo a mowa zimene anaziphwatalalitsa n'kuzilumikiza ndi waya wa kopa. Mukamaonera ntchitoyo pafoni zonsezi zimabisika, ngakhalenso kukula kwake kumene, choncho mpata ukapezeka pitani mukaone ndi maso anu. Mukafika, yambani mwayang'ana ntchitoyo modekha musanawerenge zimene ena analemba, pakuti maganizo a akadaulo amafulumira kuphimba anu.