Laputopu yakale ikamangozima yokha, musathamangire kufomata

Ambiri laputopu ikayamba kuvuta amangoti kaifomateni. Koma ngati vuto ndi kutentha, RAM (kachipangizo kosunga zomwe makina akugwiritsa ntchito panthawiyo) kapena hard disk (mosungira mafayilo), Windows yatsopanoyo idzagwanso posachedwa. Yambani mwakopera mafayilo anu pa fulashi, kenaka muonetsetse mmene ikufera, chifukwa kafedwe kake ndi komwe kamaulula nthenda.

Ikazima mwadzidzidzi ngati yazulidwa pa soketi, ganizirani kutentha. Ikani dzanja potulukira mpweya. Fani ikamalira kwambiri koma mphepo ikutuluka yochepa, m'kati mwatsekeka. Fumbi la mu Okutobala la ku Zolozolo kapena Mchengautuwa ku Mzuzu limagwirana ndi ulusi wa zofunda n'kupanga kachigamba ngati thonje pakati pa fani ndi timalata tochotsa kutentha totchedwa heatsink. Pulogalamu ya HWMonitor ikaonetsa purosesa ikudutsa 90°C, musachedwe. Zimitsani, chotsani chaja ndi batire, tsegulani kunsi, musese ndi burashi yofewa mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire. Thermal paste yakale (phala lokhala pakati pa purosesa ndi heatsink) imauma ngati dothi. Ipukuteni ndi isopropyl alcohol, mudonthezepo yatsopano yongofanana ndi njere ya mpunga. Ndipo kuzizira kwa Mzuzu mu Juni kusakunyengeni kuika laputopu pa bulangete, mabowo a mpweya ali kunsi komweko.

Batire yakufa ndi mdani wina. Magetsi akathima makina ali mkati molemba pa disk, mafayilo a Windows amaonongeka. Chaja nayonso igwirizane ndi zolembedwa kunsi kwa laputopu: Dell ndi HP zambiri zimafuna 19.5V, Lenovo 20V.

Ikabwera sikirini ya buluu, jambulani ndi foni mawu a stop code (dzina la vutolo) asanachoke. MEMORY_MANAGEMENT kawirikawiri amaloza RAM. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani mdsched, muilole iyeze RAM. Ikapeza vuto, kankhirani kunja timawaya tiwiri togwira RAM, ituluke. Mano ake agolide akachita mdima ndi chinyezi cha nthawi ya mvula, afufuteni pang'onopang'ono ndi labala ya pensulo. Ngati ma RAM ndi awiri, yesani imodziimodzi kuti mudziwe yolakwa.

Ikamauma, mouse osayenda, m'kati mukumveka kuti tiki tiki, ndi hard disk imeneyo. Pulogalamu ya CrystalDiskInfo ikalemba Caution, disk ili paulendo. Kuikonza n'kutaya nthawi. Ikanimo disk yamakono yotchedwa SSD, ya SATA ya mainchesi 2.5, ya 256GB ikukwanirani, ndipo makinawo apepuka kwambiri.

Zonsezi zikakhala bwino, mpamene muganizire kuti vuto lili mu Windows. Laputopu ikamayamba kuyaka, izimitseni pogwira batani, katatu motsatizana, mpaka itsegule Automatic Repair. Pitani pa Advanced options, Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings, Restart, mudine 4 kuti mulowe mu Safe Mode, momwe Windows imayaka ndi zofunikira zokha. Ikakhazikika mmenemo, wolakwa ndi driver (pulogalamu yoyendetsa chipangizo cha m'makina) kapena pulogalamu yomwe mwaika posachedwa, ichotseni. Kenaka tsegulani Command Prompt ngati administrator, mulembe sfc /scannow, ikatha chkdsk C: /f, kuti mafayilo a Windows ndi disk zikonzedwe.

Kufomata kubwere pamapeto. Dziwaninso kuti Microsoft inathetsa chithandizo cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, pomwe Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0 komwe makina ambiri akale alibe. Laputopu ya RAM ya 4GB imayenda bwino pa Linux Mint Xfce, yomwe imalowa m'malo mwa Windows, ndipo mungaiyese pa fulashi musanafufute chilichonse.